Mphunzitsi Amene Anasuzumira Pansi pa Madzi

Ntchito yophunzitsa anthu kusambira pa mpikisano, imene masiku ano ili ndi mabuku ake, zipangizo zake ndi akatswiri ake oitanidwa kuchokera ku dziko lina kunka ku lina, inayamba monga ziyambira ntchito zonse za manja: munthu amene anali ndi liwiro m'madzi pa unyamata wake, mphamvu zikayamba kumuthera, ankaima m'mbali mwa dziwe nauza anyamata zimene iyenso anauzidwa ndi akulu ake, ndipo sipankapezeka wofunsa ngati zouzidwazo zinali zoona kapena zongoganizira. Sitinganyoze anthu amenewo, pakuti m'manja mwawo munatuluka ngwazi zenizeni. Kasambiridwe koponya mikono mosinthanasinthana, kamene anthu a pa zilumba za m'nyanja ya Pacific anakadziwa kuyambira makedzana, ndipo kamene mnyamata wa ku zilumba za Solomon, Alick Wickham, anadabwitsa nako anthu a ku Sydney cha m'ma 1900, kanafalikira makamaka popanda mabuku. Ndipo Johnny Weissmuller, amene mu 1922 anakhala munthu woyamba kusambira mamita 100 mphindi imodzi isanakwane, anaumbidwa ndi Bill Bachrach wa ku Chicago, amene zida zake zinali maso ndi pakamwa. Koma maso a munthu woima pamtunda amangoona msana, mutu ndi thovu. Chimene dzanja limachita likalowa m'madzi, kumene kuli gwero lenileni la liwiro, chinali chobisika kwa mphunzitsi, ndipo chinali chobisikanso kwa wosambira mwini wake.

Munthu amene anagwira ntchito yoposa anzake pochotsa chophimba chimenechi ndi James Counsilman wa ku America, amene ophunzira ake ankangomutcha Doc, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuifotokoza mwachifatse, chifukwa m'moyo wa munthu mmodzi ameneyu muli kusandulika kwa ntchito yathunthu. Anabadwa pa 28 Disembala 1920 mumzinda wa Birmingham, m'chigawo cha Alabama, koma anakulira ku St. Louis, kumene mayi ake, banja litatha, analera ana awo okha m'zaka za umphawi waukulu umene unagwa m'dziko la America kuyambira mu 1929. Kusukulu sanali mwana woti aphunzitsi n'kumuyembekezera kanthu, ndipo anamaliza sekondale ali kumchira kwa kalasi yake. Chimene chinamuwombola ndi dziwe la bungwe la YMCA la mumzindamo, ndi munthu wina dzina lake Ernst Vornbrock, amene ankaphunzitsa anyamata kusambira kumeneko. Bamboyu anaona mwa mnyamata wosowa atate chinthu chimene sukulu sinachione, namutenga ngati wake, namuphunzitsa kusambira, namutsegulanso makutu ku nyimbo ndi maso ku mabuku, kufikira mnyamatayo anayamba kudziyesa munthu wotha kufika patali. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chake Counsilman, atatchuka, khomo la nyumba yake linali losatseka kwa ana a eni, ayambire kwa Vornbrock.

Kasambiridwe kake kanali ka chule, kamene m'zaka zimenezo kanali pa mphambano. Osambira anali atatulukira kuti malamulo sankaletsa kuponya mikono yonse iwiri pamwamba pa madzi nthawi imodzi, m'malo moikankhira kutsogolo pansi pa madzi, ndipo amene ankachita zimenezi ankawasiya anzawo kutali; mkanganowo unapitirira mpaka mu 1952, pamene bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, la FINA, linagamula kuti kasambiridwe katsopanoka, ka butterfly, kakhale mpikisano pawokha. Motero mnyamatayo anakula akuona ndi maso ake kuti chimene akulu ankachitcha njira yoyenera chikhoza kugwetsedwa ndi munthu woyesa china. Anapita ku yunivesite ya Ohio State, pansi pa mphunzitsi Mike Peppe, napambana mipikisano ya dziko lonse la America, ndipo dzina lake linamveka pakati pa osambira a liwiro loposa m'masiku amenewo. Koma nthawi sinamukomere. Masewera a Olimpiki a 1940 ndi a 1944, amene anagwa pa zaka za mphamvu zake, sanachitike chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo iye m'malo mwa dziwe anapatsidwa ndege yoponya mabomba ya B-24. Anauluka maulendo ankhondo 32 kuchokera ku Italy, ndipo pa ulendo wina, ndege yake itawombedwa, analimba nayo mpaka kukaigwetsera pansi m'dziko la Yugoslavia anthu ake onse ali amoyo, napatsidwa mendulo ya Distinguished Flying Cross. Atabwerako anatsogolera timu ya Ohio State imene inapambana mpikisano waukulu wa mayunivesite, wa NCAA, mu 1946 ndi mu 1947.

Apa ndi pamene njira yake inapatukana ndi ya osambira anzake. Ambiri a iwo akafuna uphunzitsi ankangovula kabudula wosambirira n'kuvala wenzulo m'khosi, koma Counsilman, yemwe uja anali kumchira kwa kalasi, anabwerera ku mabuku. Anaphunzira ku Illinois, kenaka ku Iowa, kumene ankathandiza David Armbruster, mphunzitsi amene mu 1935, pamodzi ndi wosambira wake Jack Sieg, anayesa kukupiza miyendo yonse iwiri pamodzi monga zichitira nsomba ndi mchira. Kumeneko mu 1951 analandira digiri ya udokotala wa maphunziro, atafufuza za mphamvu zimene zimakankha ndi kubweza thupi la munthu m'madzi, ndipo dzina lija la Doc linachokera pamenepo.

Ntchito yake yoyamba payekha inali pa koleji yaing'ono yophunzitsa aphunzitsi ya Cortland, m'chigawo cha New York, malo amene palibe katswiri wosambira akanawasankha. Kumeneko kunafika mnyamata wina, George Breen, amene anayamba mipikisano mochedwa, ndipo kasambiridwe kake sikanali kokondweretsa maso, pakuti ankamenya madzi mwaphuma ngati wokangana nawo. Mphunzitsi wa chikale akanataya chaka chathunthu akumukonza kuti azioneka bwino. Counsilman anaona kuti mnyamatayo anali ndi mtima ndi mapapo opirira modabwitsa, ndipo anamuyesa ndi njira imene anaibwereka kwa othamanga pamtunda. Ku Germany, mphunzitsi Woldemar Gerschler ndi dokotala wa mtima Reindell anali ataonetsa kuti mtima umalimba koposa munthu akathamanga mtunda waufupi mwamphamvu, napuma pang'ono, nathamanganso mtima usanakhazikike kotheratu, nabwereza chomwecho kambirimbiri. Osambira a nthawi imeneyo ankazolowera kusambira mtunda wautali kamodzi, mwapang'onopang'ono, kenaka n'kukavala. Breen anayamba kuudula mtundawo m'zidutswa, chidutswa chilichonse ndi nthawi yake yoikika, ndi mpumulo wowerengedwa masekondi. Ndipo pa masewera a Olimpiki a ku Melbourne mu 1956, mu mpikisano wachipulula wa mamita 1500, anaswa rekodi ya dziko lonse ndi mphindi 17 ndi masekondi 52.9. Mu mpikisano womaliza Murray Rose wa ku Australia ndi Tsuyoshi Yamanaka wa ku Japan anamupitirira, iye natenga mendulo yachitatu. Koma amene anali ndi maso anazindikira kuti ku Cortland kukuchitika chinthu.

Kuphunzira kotereku kumafuna kuti wosambira aliyense adziwe yekha nthawi yonyamukira, chifukwa mphunzitsi mmodzi sangagwirire wotchi anyamata makumi atatu. Nchifukwa chake Counsilman anakonza koloko yaikulu yoimika m'mbali mwa dziwe, ya muvi wa masekondi wooneka ndi munthu amene madzi ali m'maso. Forbes Carlile wa ku Australia anali atayesapo chida chonga chimenechi kwawo, ndipo ulemu wake usamulandidwe. Koma Counsilman ndiye anachifalitsa, kotero kuti lero dziwe lophunzitsira mpikisano lopanda koloko yotere n'losowa. Anagwetsanso chikhulupiriro china chakale, choti wosambira akanyamula zitsulo minofu yake imauma nalephera kutambasuka m'madzi; anyamata ake ankanyamula zitsulo, ndipo liwiro lawo linakula.

Mu 1957 anaitanidwa ku yunivesite ya Indiana, m'tauni ya Bloomington, kumene anakhala zaka zoposa 30. Zaka zoyamba zinali ndi chowawa chake, pakuti chifukwa cha zolakwa za timu ya mpira ya pa yunivesiteyo, matimu onse a Indiana analetsedwa kwa zaka zingapo kulowa mu mpikisano wa NCAA, ndipo osambira, amene sanalakwe kanthu, analangidwa pamodzi ndi olakwa pa nthawi imene anali amphamvu koposa m'dziko. M'gulu limenelo munali Chet Jastremski, amene pamodzi ndi mphunzitsi wake anasintha kasambiridwe ka chule: m'malo motambasula miyendo kwambiri ndi kuyandama nthawi yaitali, anayamba kukankha ndi miyendo yoyandikana, mwachangu ngati chikwapu, mikono ikukoka mofulumira, ndipo mu 1961 anakhala woyamba kusambira mayadi 100 a chule mphindi isanakwane. Chiletso chitatha, Indiana inapambana mpikisano wa NCAA zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 1968 mpaka 1973, ndipo m'chigawo chawo cha Big Ten sanagonje kwa zaka 20, kuyambira 1961 mpaka 1980.

Koma zikho zimenezi, ngakhale zili zambiri, aphunzitsi ena anakhalapo nazo zofanana nazo, ndipo sizikanatichititsa kulemba za iye. Chimene anachita chosiyana chinachitikira pansi pa madzi. Anthu a ku Japan anali m'gulu la oyamba kujambula osambira ndi kamera m'madzi, ndipo phindu lake linaoneka ku Los Angeles mu 1932, pamene amuna awo anapambana mipikisano isanu mwa isanu ndi umodzi. Koma Counsilman anaitenga ntchitoyi naisandutsa chizolowezi cha moyo wake wonse. Ankamira yekha ndi kamera, najambula ngwazi iliyonse imene inalola, kuchokera kumbali, kuchokera kutsogolo ndi kuchokera pansi, ndipo usiku ankakhala ndi zithunzizo akuziyang'ana chimodzichimodzi. Nthawi zina ankamangirira tinyali tating'ono ku manja a wosambira, nazimitsa magetsi onse, kuti m'mdimamo njira ya dzanja ilembeke yokha pa chithunzi ngati mzere wowala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zimene anaona atadekha chomwecho zinatsutsa mabuku onse, zinatsutsanso zimene iye mwini anaphunzitsidwa ndi kuphunzitsa ena.

Aphunzitsi ankati mkono uzikoka uli wowongoka, ndipo dzanja lizipita kumbuyo mumzere woongoka. Zithunzi zinaonetsa kuti ngwazi zonse, popanda kuuzidwa ndi munthu, zinkapinda chigongono, chigongonocho chili pamwamba, ndipo dzanja linkayenda mokhotakhota, likutuluka pang'ono, likulowa pansi pa thupi, likutulukanso. Chodabwitsa choposa chinali chakuti osambirawo akafunsidwa ankanena motsimikiza kuti amakoka molunjika monga anaphunzitsidwa, ndipo ena ankavutika kukhulupirira kuti dzanja la pa chithunzi ndi lawo. Thupi linali litapeza nzeru imene mutu sunaidziwe, ndipo linali likuchita mwakachetechete zosemphana ndi malangizo. Ine ndiyesa kuti apa ndi pamene pali ukulu wa munthuyu. Iye anali katswiri wosambira, ndipo katswiri amayesedwa kwambiri kuti akhulupirire kuti zimene thupi lake limamva ndizo choonadi, ndi kuti ntchito ya ophunzira ndi kufanana naye. Koma Counsilman anavomera kuti kumva kwa katswiri si umboni, ngakhale katswiriyo akhale iye mwini, ndipo anadzichepetsa kukhala wophunzira wa manja a ana amene ankawaphunzitsa. Safunsa anadya phula. Iye anafunsa, ndipo pamene pakamwa pa ngwazi panamuyankha zolakwika, anakafunsa manja awo.

Zimene anapeza anazisonkhanitsa m'buku lotchedwa The Science of Swimming, limene linatuluka mu 1968 ndipo linamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 20. Sanabise kanthu, ngakhale ankadziwa kuti aphunzitsi a mayiko opikisana ndi dziko lake adzaliwerenga ndi kulitsata, ndipo analitsatadi. M'bukumo anafotokoza kusambira ndi lamulo la Isaac Newton, loti chinthu ukachikankha nachonso chimakukankha ndi mphamvu yofanana: dzanja likakankhira madzi kumbuyo, thupi limapita kutsogolo, monga bwato liyendera pa nyanja yathu mpalasi akamiza nkhafi ndi kuikokera kumbuyo. Koma mizere yokhota ija sinamupatse mtendere. Ngati dzanja ndi nkhafi chabe, likhoteranji? Poyamba anayankha kuti madzi amene ayamba kale kuyenda sagwirika, ndipo dzanja limapatuka kufunafuna madzi odikha oti liwakankhe. Kenaka, zaka zochepa bukulo litatuluka, anafika pa ganizo lina lolimba mtima: kuti dzanja, likapendekeka ndi kudula madzi cham'mbali, limagwira ntchito ngati phiko la ndege, madzi a mbali imodzi nathamanga kuposa a mbali ina, ndipo kusiyana kwa kupanikizika kwawo n'kumene kumakoka munthu kutsogolo, monga mwa lamulo la Daniel Bernoulli wa ku Switzerland. Sitidabwa kuti ganizo lotere linabadwa mwa munthu amene anakhulupirira mapiko ndi moyo wake pa nkhondo. Aphunzitsi a dziko lonse analilandira, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 ana ankaphunzitsidwa kulemba chilembo cha S ndi dzanja pansi pa madzi.

Munthu angaganize kuti mphunzitsi wa makamera ndi masamu anali wouma mtima, woona anyamata ngati makina. Koma amene anadutsa m'manja mwake amasimba zosiyana. Ankawauza poyera kuti njira ya ku chipambano imadutsa m'zipata zitatu, kupweteka, ululu ndi chizunzo, ndi kuti ambiri amabwerera pa chipata choyamba. Koma pofuna kuti munthu alowe yekha m'zipatazo osakankhidwa, ankadzaza dziwe ndi nthabwala, ankapereka maswiti kwa amene akwanitsa nthawi yoikika, ndipo mkazi wake Marjorie ankaphikira timu yonse kunyumba kwawo. Luso limeneli linayesedwa kwenikweni pa Mark Spitz. Mnyamatayu anapita ku masewera a Olimpiki a ku Mexico City mu 1968 atalengeza kuti adzatenga mendulo zagolide zisanu ndi imodzi, ndipo anabwerako ndi ziwiri zokha, zonse za mipikisano yolandirana ya timu, pamene pa mipikisano ya payekha anagonja. Anzake, amene kudzitama kwake kunawanyansa, sanamumvere chisoni. Anafika ku Indiana kumayambiriro kwa 1969 ali wosweka mtima ndi wokayikiridwa, ndipo Counsilman anapempha anyamata ake kuti aiwale zimene anamva, amuweruze ndi zimene adzaone okha. M'zaka zotsatira Spitz anapeza abwenzi, nasankhidwa kukhala mmodzi wa atsogoleri a timu. Ku Munich mu 1972, pa masewera omwewo amene Malawi anatumizako othamanga ndi ankhonya ake kwa nthawi yoyamba, Spitz anatenga mendulo zagolide zisanu ndi ziwiri, iliyonse ndi rekodi ya dziko lonse, chinthu chimene sichinapitiriridwe mpaka Michael Phelps anatenga zisanu ndi zitatu ku Beijing mu 2008. Mutu umodzi susenza denga, ndipo George Haines ndi Sherm Chavoor, amene anamuphunzitsa ku California, ali ndi gawo lawo lalikulu; koma amene anamudzutsa atagwa ndi Counsilman. Chimwemwe cha ku Munich sichinakhalitse, pakuti patangopita maola ochepa zigawenga zinalowa m'mudzi wa osewera, anthu 11 a timu ya Israel naphedwa, ndipo Spitz, pokhala Myuda, anachotsedwa mumzindamo mofulumira ali ndi omulondera.

Kawiri konse Counsilman anatsogolera timu ya amuna ya America ku Olimpiki. Ku Tokyo mu 1964 anyamata ake anapambana mipikisano 7 mwa 10. Ku Montreal mu 1976 anapambana 12 mwa 13, ndipo umodzi wotsalawo, wa mamita 200 a chule, unatengedwa ndi David Wilkie wa ku Britain. Timu imeneyi inali ya anyamata ochokera ku mayunivesite odana pa mpikisano, ndipo ntchito yaikulu ya mphunzitsi inali kuwaiwalitsa udani wa kwawo kuti aliyense akondwere ndi chipambano cha mnzake. Kumeneko wophunzira wake wa ku Indiana, Jim Montgomery, anasambira mamita 100 m'masekondi 49.99, woyamba kutsika pansi pa masekondi 50, patapita zaka 54 chichokereni pamene Weissmuller anagonjetsa mphindi.

Nkhani ya Montreal ili ndi mbali imene ikutikhudza ife a kuno kummwera kwa Africa, ndipo sindingaidumphe. Mayiko a mu Africa oposa 20, Zambia ili pakati pawo, anakana kuchita nawo masewerawo chifukwa New Zealand inaloledwa kukhalapo pamene timu yake ya rugby inali kusewera ku South Africa, m'chaka chomwecho chimene ana a sukulu anaphedwa ku Soweto. South Africa yeniyeniyo inali itatsekeredwa kunja kwa Olimpiki kuyambira 1964 chifukwa cha tsankho. Motero mnyamata wina wa kumeneko, Jonty Skinner, amene ankaphunzira ku yunivesite ya Alabama, sanaloledwe kukaima pambali pa Montgomery. Ndipo pasanathe milungu itatu, mumzinda wa Philadelphia, anasambira mtunda womwewo m'masekondi 49.44, rekodi imene inaima mpaka 1981. Chiletsocho chinali cholungama, pakuti dziko limene linkatsekera ana akuda kunja kwa maiwe ndi magombe abwino silinayenere kukaonetsa ngwazi zake zoyera pamaso pa mitundu ngati kuti zonse zili bwino. Koma chilango cha mtundu chimagwera pa mapewa a munthu mmodzimmodzi, ndipo Skinner anachisenza pa tsiku la mphamvu zake. Iyenso pambuyo pake anakhala mphunzitsi ku America, wokonda kufufuza monga Counsilman, ndipo Amy Van Dyken, amene anatenga mendulo zagolide zinayi ku Atlanta mu 1996, anakonzekera masewerawo m'manja mwake.

Madzi saiwala khwawa. Ali ndi zaka 58, atakhala zaka makumi atatu akutuma ena ku zipata zake zitatu zija, Counsilman anaganiza zolowamo yekha, ndipo anasankha nyanja yolekanitsa England ndi France, imene Matthew Webb anaiwoloka koyamba mu 1875 atasambira pafupifupi maola 22. Pamalo popapatiza nyanjayi ndi ya makilomita pafupifupi 34, koma mafunde a m'nyanjamo, amene amatembenuka kangapo pa tsiku, amamutenga munthu uku ndi uku kotero kuti mtunda wosambira umatalika. Madzi ake ndi ozizira koopsa, ndipo lamulo silola wosambira kuvala chofunda kapena kukhudza boti lomuperekeza. Anakonzekera monga ankakonzekeretsera ena, akuwerenga mtunda ndi nthawi, akusamba m'madzi ozizira kuti thupi lizolowere, ndipo anadzinenepetsa dala kuti mafuta amuteteze ku chisanu. Pa 14 Seputembala 1979 anachoka pa gombe la pafupi ndi Dover, ndipo atasambira maola 13 ndi mphindi 7 anaponda dothi la France, nakhala munthu wamkulu koposa onse amene anali atawolokapo kufikira tsiku limenelo. Ankafuna kuonetsa kuti thupi la munthu wa zaka zimenezo, likasamalidwa, lili ndi zambiri zimene anthu amazitaya msanga pongomva kuti akalamba.

Za phiko la ndege zija sizinaime mpaka kalekale. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza ena, pogwiritsa ntchito zida zoyezera zimene Counsilman analibe, anaonetsa kuti dzanja la munthu, ndi zala zake ndi mfundo zake, silisalala mokwanira kuti madzi alitsate monga mpweya utsatira phiko. Anaonetsanso kuti mbali ina ya kukhota kwa dzanja imabwera chifukwa thupi lonse limagudubuzika uku ndi uku posambira. Ndipo anaonetsa kuti mphamvu yaikulu imachokeradi pa kukankhira madzi kumbuyo. Ernest Maglischo, amene m'mabuku ake oyamba anaphunzitsa za phiko ndi mtima wonse, analemba poyera kuti wasintha maganizo. Aphunzitsi a lero amauza ana kuti apinde chigongono msanga, chikhale pamwamba, kuti dzanja ndi mkono wonse zigwire madzi ambiri ndi kuwakankhira kumbuyo. Ndipo chigongono chokwera chimenecho ndi chomwe chija Counsilman anachiona m'zithunzi zake nachilemba mu 1968. Alipo amene amatchula nkhaniyi ngati chomuchotsera ulemu, ndipo ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Amene anamutsutsa anamutsutsa ndi kamera, ndi muyeso, ndi kufunsa madzi eni ake, ndiye kuti ndi zida zimene iye anawaphunzitsa kugwira. M'masiku a Bachrach ganizo la mphunzitsi wamkulu silikanagwetsedwa ndi wina aliyense, chifukwa panalibe bwalo loti likaweruzidwireko.

Anapuma pa ntchito cha mu 1990, nthenda ya Parkinson, imene imanjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi, itayamba kumulanda mphamvu, koma anapitiriza kulemba, ndipo mu 1994 iye ndi mwana wake Brian anatulutsa buku lina, The New Science of Swimming. Dziwe latsopano la yunivesite ya Indiana linatchedwa dzina lake pamodzi ndi la Hobie Billingsley, mnzake amene ankaphunzitsa odumphira m'madzi pa zaka zomwezo. Anamwalira ku Bloomington pa 4 Januwale 2004 ali ndi zaka 83. Mwa ophunzira ake, Jastremski anakhala dokotala wa anthu odwala m'tauni yomweyo. George Breen anaphunzitsa kusambira pa yunivesite ya Pennsylvania kwa zaka zambiri. Ndipo Jim Montgomery anakakhazikika ku Dallas, m'chigawo cha Texas, kumene anayambitsa gulu la osambira achikulire, ndi kuphunzitsa ana ndi akulu omwe, kuphatikizapo amene anafika pa msinkhu asanalowepo m'dziwe.